Tsiku Limene Aphunzitsi Sanatiimitse

Anzanga omvera, ine ndinakulira ku Malindi. Aphunzitsi amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi omwenso ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu. Tikalakwitsa nyimbo ankagogoda benchi n'kunena kuti, "Mulungu si gonthi, yambaninso."

M'masiku a chipani chimodzi anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo anasiya uphunzitsi. Patapita zaka anabwera kudzapemphera nafe, akuluakulu a mpingo n'kuwaikira mpando kutsogolo. Ife a kwaya chifukwa cha mantha tinayambira nyimbo pamwamba kwambiri, mpaka mawu anatithera panjira. Ndinaona dzanja la aphunzitsi likudzuka, kenaka linabwerera pabondo.

Titatuluka ndinapita kukawagwadira. "Aphunzitsi, tinalakwitsatu. Bwanji simunatiimitse?"

Anayang'ana kaye anthu achipani amene anabwera nawo, n'kutsitsa mawu. "Ndinamva, mwanangu. Koma kumene ndili kuno, munthu ukamva cholakwika umangowomba m'manja."

Sanabwerenso kwathu. Anamwalira ndi ulemu wonse, koma ine ndimalirabe aphunzitsi aja a choko m'zala. Ndimapemphera kuti Ambuye, amene anamasula lilime la wosalankhula, awalandire kwawo, akalankhule momasuka.