Nkhope Yanga ya Nthomba Inandichotsa Pamzere wa Amtengatenga

Abale anga mwa Ambuye, makamaka inu anyamata amene mukutsuka zilonda m'zipatala za kuno ku Kabula ndi ku Limbe, ndikupatsani moni nonse. Dzina langa ndine Wilisoni. Amene munandionapo simungandiiwale, chifukwa nkhope yanga ndi yobookabooka ndi zipsera za nthomba imene ndinadwala ndili mwana. Ndikulemba kuti mudziwe mmene ndinatsalira pang'ono kukafera kunkhondo ya azungu ndi mtolo pamutu, ndi mmene Mulungu anandizulira pamzere. Ndinenerenu, mtima wanga ndi wapachala ndipo nkhaniyi ikundiwawabe. Amene mukufuna umboni wofatsa kapempheni wina.

Sukulu ndinalekera panjira nditakangana ndi mphunzitsi amene ankaseketsa anzanga ndi nkhope yanga. Ndinalowa ntchito pachipatala china cha mishoni, ndipo anandiika kuseri: kuwiritsa mabandeji, kutaya mafinya, ndi kupanikiza odwala pansi dokotala akamang'amba chithupsa. Ndinkaphunzira ndi maso. Koma anzanga amene tinalowa limodzi anayamba kusankhidwa. Wina anapita kosakaniza mankhwala, wina kuchipinda cha opaleshoni kukagwira botolo la mankhwala ogonetsa, wina kumakina oonera tizilombo m'magazi. Ine ndinali pomwepo, pamphika wa mabandeji, utsi uli m'maso.

Ndiye ndinapita kwa a Matewere, mkulu wa anamwino aamuna, kukapempha nzeru. Ndinavula chipewa, ndinanjuta bwinobwino ngati mwana woleredwa.

"Bambo, ndithandizeni. Ndiphunzire mbali iti ya ntchitoyi? Magazi sindiopa. Mabotolo a mankhwala ndingathe kuwaloweza."

"Iwe Sefa," anatero a Matewere. Limenelo ndilo dzina limene anandipatsa, ati nkhope yanga munthu akhoza kuseferapo ufa. "Wodwala akatsitsimuka patebulo n'kuona nkhope imeneyo, aziti wafika kale kumanda. Mbali yako ndi kuseri. Kasonkhezere moto."

Khonde lonse linaseka. Munthu wamkulu, wobatizidwa, woimba nyimbo patsogolo Lasabata! Ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo, nayenso anangoti, "Pirira, mwana wanga," maso ali kumapazi anga. Ngakhale iyeyo nkhope yanga sanafune kuiyang'ana.

Wachitatu kundilangiza anali msuweni wanga Beniyasi, amene anali kopolo, mtsogoleri wa kagulu ka asilikali. Ndinakumana naye pasiteshoni ya sitima ku Limbe, chisoti chofiira chili pendeke pamutu.

"Asuweni, mukuvundiranji pamabandeji?" anandifunsa. "Kuusilikali akusowa otsuka zilonda. Kumeneko safunsa nkhope, safunsa sukulu, amangoona manja. Muvala kaki, asilikali azikupatsani ulemu ngati dokotala."

Mawa lake ndinasiya mphika ukuwira pamoto, osatsanzika munthu, ulendo kumsasa wa asilikali.

Abale, sajeni wa kumeneko manja anga sanawayang'ane n'komwe. Anandidina mapewa, n'kundikanula kukamwa ngati bulu wogulitsa, n'kunena kuti, "Wamphamvu uyu. Tengatenga." Ndinamuuza kuti ndabwerera ntchito ya chipatala. Iye anati, "Chabwino, uzisenza mabokosi a chipatala." Ndinakuwa, ndipo chikoti chinandiyankha kumsana. Beniyasi anali chiimire pomwepo. Zimene ananena ndi izi zokha: "Asuweni, khalani chete, mundichotsetsa ukopolo." Pambuyo pake ndinamva kuti msilikali wobweretsa munthu ankayamikiridwa ndi akuluakulu ake. Mwana wa amalume anga enieni anandipereka kuti bwana amumwetulire.

Nonse mukudziwa za amtengatenga. Munawaona akupita kumpoto ndi katundu wa nkhondo pamutu, ndipo munawaona ochepa amene anabwerako, mafupa okhaokha, kamwazi atawatha. Kuthawa sindikanatha, chifukwa munthu akathawa ankakagwira amayi ake. Tinkangodikira tsiku lonyamuka.

Masana ena anatituma kukumba dzenje la chimbudzi kuseri kwa mpanda. M'dzenje mmenemo ndi mmene ndinapempherera, ndipo sindinagwade. Ndinaimirira ndi khasu m'manja n'kumuuza Mulungu kuti, "Inu ndinu amene munandisiya wamoyo pamene nthomba inatenga alongo anga. Munandisiyiranji? Kuti a Matewere azipeza choseka? Kuti ndikafere m'thengo ndi bokosi la mzungu pamutu? Ngati nkhope iyi munaisiya dala, ndionetseni ntchito yake. Apo ayi, mukanangonditenga pamodzi ndi alongo angawo." Ameni sindinanene. Ndinamumana dala.

Ulendo utayandikira, amuna a m'chisakasa china anayamba kutentha thupi ndi kulira msana. Kenaka zotupa zinatuluka kumaso. Ine nditangosuzumira ndinadziwa, pakuti fungo lake ndinakula nalo. Nthomba inali italowa mumsasa. Asilikali olimba mtima aja ankadutsa patali atatseka mphuno.

Lipenga linalira, anatiimika pamzere. Kunabwera dokotala wa Chimwenye wogwira ntchito ya Boma, nkhalamba yaifupi imene onse ankangoitchula kuti Babu. Ameneyu sankadina mapewa. Ankayenda pang'onopang'ono akuyang'ana nkhope. Atafika pa ine anaima, n'kundigwira chibwano, n'kundipotolozera kudzuwa. Magazi anga anawira. Ndinakunga chibakera, mumtima ndikuti nayu winanso wabwera kudzaseka, lero lokha ndimenya munthu, andiwombere ngati akufuna.

"Nthomba iyi, liti?" anafunsa m'Chinyanja chake chodukaduka.

"Ndili mwana. Ngati mukufuna kuseka, sekani msanga."

Sanaseke. "Munthu kudwala nthomba kamodzi, sadwalanso. Iwe ukudziwa kugwira wodwala?"

Ndinamuuza za kuchipatala kuja, ukali wanga utasowa kopita. Anatembenukira kwa sajeni n'kunena kuti, "Uyu wanga." Sajeni anayamba kudandaula kuti akumulanda munthu wamphamvu. Babu anati, "Chabwino, tenga. Koma iwe ukalowe kwa odwala, ukawasambitse." Sajeniyo nkhope yake inali yosalala ngati ya khanda. Anabwerera m'mbuyo n'kundisiya m'manja mwa Babu.

Odwala anawasamutsira kuzisakasa za m'tchire kupitirira Makata, malo onse atazunguliridwa ndi chingwe. Mkati mwa chingwe munkalowa Babu, ine, ndi amuna ena ochepa a nkhope ngati yanga. Sindikunamizani kuti inali ntchito yokoma. Nsalu zinkamatirira pazilonda, ukamachotsa munthu n'kumakuwa. Ndinakumbukira kuti amayi anga ankandigoneka pamasamba a nthochi ndi kumandidonthezera madzi m'maso kuti asamatane. Ndinamuuza Babu, iye anati tiyese, ndipo odwala anayamba kupezako tulo. Nayenso anandiphunzitsa kuyeza kutentha kwa thupi, kusakaniza mankhwala, ndi kutemera katemera pamkono. Zonse zimene ndinakapempha kwa a Matewere nditanjuta, nkhalamba ya chipembedzo china inandipatsa ndili chiimire. Ena tinawaika m'manda ndi manja athu. Ambiri anadzuka.

Amtengatenga anzanga ananyamuka ine ndili mkati mwa chingwe. Ndinamva nyimbo yawo ikuzimirira cha kumsewu wa ku Zomba. Apa ndiye musayembekeze kuti ndimwetulira. Anthu amenewo nawonso ankapemphera, ena kuposa ine. Anali ndi akazi, anali ndi minda, ndipo nkhondoyo sinali yawo. Mwa amene ndinkagona nawo chisakasa chimodzi, amene ndawaonanso ndi owerengeka. Musandifunse chifukwa chake ine ndinatsala. Inenso ndikumufunsabe Mwiniwake, ndipo amene anawakoka anthuwo ngati mbuzi adzayankha pamaso pake.

Nthomba sinathere kumsasa, inalowanso m'tauni. Tsiku lina anatibweretsera kamtsikana katatupa thupi lonse, maso atatsekeka. Anali mwana wa a Matewere. Bambo akewo ankabwera kudzaima kunja kwa chingwe, chifukwa ndi nkhope yawo yosalalayo sakanatha kulowa, ngakhale ndi ukulu wawo wonse. Atandiona anayamba kuti, "Iwe Se..." n'kumeza mawu.

"A Wilisoni, mwanayo ali bwanji?"

Ndinawasiya aime padzuwa kaye. Ndinatsiriza kutunga madzi, ndinatsuka mbale, kenaka ndinawauza kuti wamwa phala ndipo diso limodzi latseguka. Munthu wamkulu uja anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira.

Mwanayo anachira, maso onse awiri akuona, koma nkhope inatsala ngati yanga. Tsiku lotuluka ndinamunyamula ndekha mpaka pachingwe, n'kumupereka m'manja mwa bambo ake.

"Mwana wanu ndi uyu," ndinatero. "Tsiku limene ndidzamve kuti wina wamutchula dzina lija munandipatsa ine, inu muli pomwepo osamudzudzula, ndidzabwera kwanu. Mukundidziwa."

Anagwedeza mutu, akusisita masaya a mwana wawo ndi chala.

Lero ndimayenda m'midzi yozungulira tauni kutemera anthu katemera, ndipo kukabuka nthomba amaitana ine. Amayi akamakana kupereka mkono wa mwana, sindichulutsa mawu. Ndimangowaonetsa nkhope yanga n'kuwafunsa ngati akufuna yotere m'nyumba mwawo.

Inu anyamata amene mumandiimitsa panjira kufunsa kuti musankhe opaleshoni, mankhwala kapena usilikali, ine sindingakusankhireni. Ndingokuuzani kuti muyambe mwaona chimene wokulangizaniyo apindule mukamumvera, ngakhale akhale msuweni wanu. Ndipo amene akukankhirani kuseri chifukwa cha chilema, chibwibwi kapena sukulu yochepa, musataye mtima, musathamangirenso kumsasa chifukwa cha mkwiyo ngati ine. Pirirani, koma osati mwakachetechete. Muuzeni Mulungu zonse mmene zikuwawira, sathawa mawu aukali.

Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha amayi anga ndi masamba awo a nthochi, chifukwa cha Babu, ndiponso chifukwa cha dzenje lililonse la pankhope iyi. Mawu aja ndinawamana m'dzenje la chimbudzi ndikuwabweza lero pamaso panu nonse. Ameni.