Mtsempha umene unandiyankhulitsa ngati chidakwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mlimi wa mpunga ku Bwanje, kwathu ndi kufupi ndi Golomoti, ndipo ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anandiyankhulitsa ngati chidakwa, ine munthu amene mowa sindinaulawepo chibadwire.

Pa nkhani ya mowa ndinali wouma mtima, ndipo ndinkanyadira. Anthu ankati mphuno yanga imamva kachasu ali kutsidya kwa msewu. Ndiye tangoganizani, Lamulungu lina ndaimirira kuti ndiwerenge mawu, lilime n'kungolemera. Mawu ankatuluka okokeka, dzanja lamanja linachita dzanzi, Baibulo n'kugwa pansi. Patapita mphindi zochepa zonse zinatha. Zinachitikanso kumunda, kenako pa maliro, pomwe ndinadzandira anthu akuona. Manong'onong'o anayamba. Ngakhale mayi akunyumba pondipatsa madzi ankandiyandikira mopitirira, ndipo ndinadziwa kuti akununkhiza.

Akulu anzanga anandiitana n'kundiimitsa pa udindo ndi pa mgonero. Nditawauza kuti ndikudwala, anati palibe matenda ochira pa mphindi khumi. Mawu amenewo ndinawazindikira, chifukwa anali anga. Zaka zingapo m'mbuyomo tinaimitsa a Filipo, woyimbitsa kwaya yathu, pa mlandu womwewu, ndipo woumirira kwambiri ndinali ine. Iwo anakana mpaka misozi. Patatha miyezi ingapo anagwa m'munda mwawo n'kumwalira, ndipo tinawaika popanda nyimbo za mpingo. Komabe mumtima ndinkati awo ankamwadi, ine akungondinamizira.

Ndinasiya kutuluka pakhomo chifukwa cha manyazi. Ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti Mulungu ayeretse dzina langa.

Yankho linabwera litavala mpango wakuda. Anali mayi Nachisale, amasiye a malemu a Filipo, amene chiikireni amuna awo sanandipatsepo moni. Anakhala pakhonde, madzi anakana, kenako anati:

"Bambo, musadikire kachinayi. Amuna anga anayamba chonchi. Mawa mulawirire kuchipatala."

Kunena zoona ndinakwiya kuti akundifanizira ndi woledzera. Koma mayi akunyumba anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo m'mawa mwake anandikweza minibasi.

Kuchipatala cha mishoni anapeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Atamva za lilime ndi dzanja, anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko ananditumiza ku Blantyre kukajambulidwa m'mutu ndi makina otchedwa MRI. Anandiuza kuti makinawo ali ndi maginito amphamvu, choncho ndinavula lamba, wotchi ndi mphete ya ukwati. Anandifunsanso ngati chitsulo chinandilowapo m'thupi. Kenako anandigoneka, mutu n'kuulowetsa m'chibowo chopanikiza, n'kundiuza kuti ndisagwedere ngakhale pang'ono. Phokoso lake linali la chigayo cha mpunga. Atajambula mmene magazi akuyendera, anandibaya mankhwala pamkono n'kujambulanso, kuti aone bwino khoma la mtsempha wokayikitsawo. Ine ndinkangobwereza Salimo mumtima, thukuta lili kamukamu.

Kenako adokotala anandionetsa zithunzi. Osandicheka paliponse, mitsempha ya mu ubongo wanga inali poyera ngati mizu ya mtengo. Analoza umodzi kumanzere umene unali utaning'a pakati, ngati ngalande ya ku sikimu yathu ya mpunga ikadzaza matope. Anati mafuta aunjikana m'khoma mwake, magazi akungodutsa movutikira, ndipo akachepa kwa kanthawi lilime ndi dzanja zimafooka. Anandionetsanso timadontho toyera, zipsera za nthawi zimene anthu ankati ndaledzera. Anati amenewo anali machenjezo a sitiroko yaikulu, ndipo ndafika nthawi isanathe.

Ndinayenera kusangalala, koma ndinakumbukira a Filipo. Ndinafotokozera adokotala za lilime lawo, kudzandira kwawo, ndi mmene anagwera m'munda. Adokotala anati sangagamule za munthu amene sanamuyeze, koma zizindikiro zake n'zomwezo. Ulendo wonse wobwerera ndinkangoona a Filipo akupukuta misozi ndi chipewa pamaso pathu.

Anandipatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ochepetsa mafuta ndi oletsa magazi kuundana, n'kundiletsa mchere wambiri. Mpaka lero ndikumwa, ndipo lilime silinalemerenso.

Akulu anzanga ataona zithunzi ndi kalata, anapepesa n'kundiuza kuti ndibwerere pa mpando wanga. Ndinati mpandowo udikire, pali munthu wina amene palibe anapita naye ku makina. Ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuulula kuti ndinaweruza wodwala. Loweruka lotsatira tinapita ndi kwaya kumanda a a Filipo, n'kukaimba nyimbo zimene tinawamana. Nditagwada kupepesa, mayi Nachisale anati:

"Dzukani, bambo. Ine ndinangofuna kuti mayi akunyumba kwanu asavale mpango ngati wangawu."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinapemphera. Ndinapempha dzina langa, Iye anandipatsa moyo, kudzera mwa munthu amene anali ndi chifukwa chonse chokhalira chete. Inu amene mukunyozedwa pa chinthu chimene simunachite, limbikani, musasiye kupemphera. Ndipo mukaona mnzanu lilime lalemera kapena dzanja lafooka mwadzidzidzi, ngakhale zitatha msanga, thamangirani naye kuchipatala. Ine mphuno yanga ija ndinaipumitsa, chifukwa inaika m'manda munthu wosalakwa popanda nyimbo. Ambuye akusungeni nonse.