Imelo ya Bwana Imene Sinafike

Bwana mkulu, akuluakulu a madipatimenti, mayi a kunyumba pamodzi ndi ana, anzanga nonse, takulandirani.

Lero tikutsanzikana ndi a Ikuyesabe. Mayi, musadabwe, amuna anu kuno timawatchula choncho. Ukathamangira m'kachipinda kawo kozizira kaja ka maseva, makompyuta otumiza ndi kulandira maimelo, thukuta lili kamukamu, kukadandaula kuti imelo yako sinafike, iwo osatembenuka n'komwe. Majuzi awiri, tiyi m'manja. "Ikuyesabe, achimwene. Seva ya uko yagona. Yathuyi igogoda khomo lawo lachiwiri. Nalonso likakhala lotseka, isunga uthenga wanu pamzere n'kumakagogodanso. Ikatopa, ikubwezerani." Ife tinkati umenewu ndi ulesi wopita kusukulu.

Nawonso poyamba ankaphonya. Atangolembedwa ntchito anasokoneza maseva athu awiri, masevawo n'kumangoponyerana uthenga woitanira anthu kuphwando la ofesi. Kuphwandoko anafika iwo okha.

Bwana, mundikhululukire, iyi yokha ndinena. Chaka china kasitomala wathu wamkulu, yemwe amatidyetsa tonsefe, anangoti zii, osayankha. Bwana anapsa mtima, n'kumulembera imelo ya mawu oti sindingawabwereze pamaso pa ana. Atatumiza, foni inalira. Anthu aja sankatinyoza ayi, seva yawo inali itapsa, ndipo amisiri anali pafupi kuidzutsa. Ikanangodzuka, chipongwe chonse chikanalowa, ife ntchito n'kuthera pomwepo.

Tinaona bwana akutsika masitepe, tayi ili pambali, n'kugogoda chitseko chimene anali asanachigogodepo.

"Akulu, yapita?"

Akuluwa anayamba amwa kaye tiyi wawo. "Ikuyesabe, bwana."

Aka kanali koyamba munthu kusangalala ndi yankho limeneli. Anaichotsa pamzere, tonse n'kupumira m'mwamba. Kumapeto kwa chaka tinamva pamsonkhano kuti kasitomala uja tinamusunga chifukwa cha kuleza mtima kwa utsogoleri. Ndipo tinaombera m'manja.

Achimwene, nthabwala pambali, mtima ukundiwawa. Zaka zonsezi tinkakukumbukirani zinthu zikavuta basi, koma simunatinyansidwe ngakhale tsiku limodzi. Ana athu aphunzira chifukwa cha inu. Zikomo kwambiri. Mayi, zikomo potibwereka bambowa. Pitani mukapume, mukaothe dzuwa, foni mukazimitse.

Koma inu bwana, kuyambira Lolemba kulibenso wokugwirirani mawu panjira. Mukakwiya, muziyamba mwatuluka panja kukapitidwa mphepo, ana athu akudyabe.

Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja!