Mtengo Wachisanu ndi Chimodzi

Ine, Icilda Pinnock, wa zaka 63, wa ku Orange Hill m'dera la Westmoreland, mlimi wa zilazi, ndikunena izi:

Mwamuna wanga Lenford, amene anthu ankamutchula mwaulemu kuti Maas Lenford, adadwala khansa ya m'mapapo zaka ziwiri. Chimene chinkamugonetsako tulo ndi tiyi wa chamba basi. Lamulo la kuno limalola mitengo ya chamba isanu pakhomo limodzi, ndipo ife tinkadzala isanu yomweyo kuseri kwa khitchini. Adamwalira mu Febuluwale. Tidamuika pakhomo pomwepo, pafupi ndi makolo ake, masitepe khumi kuchokera pamene pali mitengoyo.

Mvula itayamba mu Meyi, kumutu kwa manda, pamng'alu wa simenti, padamera mtengo wina wa chamba. Sindidaudzale ine, ngakhalenso mwana wanga Garnett. Sitidaukhudze, chifukwa chomera pamanda mwini wake ndi wogona pamenepo. Powerenga mitengo yathu tinkati isanu, uwo tinkangouti wa abambo. Kawiri konse, masana dzuwa likuswa mtengo, ndidamva munthu akutsokomola cha kumeneko. Nditapita sindidapeze munthu. Chifuwa cha mwamuna wanga ndimachidziwa.

Lolemba lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kudabwera apolisi awiri, a Sajeni Whyte ndi wina wachinyamata wochokera ku Kingston amene sindimudziwa dzina. Ankafunafuna mbuzi zobedwa. Akudutsa kuseri, a Sajeni adawerenga mitengo n'kuseka. Adati: "Mayi Icy, kodi kuwerenga mudakusiya kusukulu? Apa pali isanu ndi umodzi."

Garnett adawauza kuti winawo ndi wa bambo ake, ndipo bambo ake ali ndi nyumba yawoyawo tsopano. A Sajeni adati lamulo silidziwa nyumba za akufa, koma sakufuna zambiri, tingozula umodzi uliwonse nkhani ithere pomwepo. Ine ndidatembenuka kuti ndikazule umodzi mwa isanu yathu ija.

Wachinyamata uja ndiye adali pafupi ndi manda. Ndikuganiza kuti ankafuna kundithandiza. Adati, "Siyani, amayi, ndizula uwu," n'kuugwira. Garnett adakuwa kuti, "Chotsa dzanja pa bambo anga!" Adamukankha kamodzi pachifuwa. Sadam'menye. Wapolisiyo adagwera chagada pangodya ya manda n'kuthyoka dzanja lamanja, lomwe adagwira nalo mtengo lija. Garnett adapereka manja yekha, a Sajeni adam'manga cha m'ma 10:30.

Garnett ali ndi zaka 34, sadagonepo m'chitokosi. Dzina lake lidatuluka chaka chino kuti akathyole maapozi ku Canada, atadikira zaka zinayi. Ndege yake ndi ya Lachisanu. Akakhala ndi mlandu, sapita.

Dzulo a Sajeni adandiuza kuti nkhaniyi singayende ndipo Garnett sangatuluke popanda mtengowo, ukufunika ngati umboni. Adatuma apolisi awiri ndi galimoto. Apolisiwo adafika, adaima pataliko, adauyang'ana, n'kunena kuti aiwala thumba. Sadabwerenso.

Lero cha m'ma 6 koloko m'mawa ndidapita ndekha. Ndidathira mowa wa ramu pang'ono pamanda monga timachitira, n'kumuuza Lenford kuti andikhululukire, ndi za mwana wathu. Ndidagwira mtengowo ndi manja awiri. Ine ndakumba zilazi moyo wanga wonse, koma uwu udandikanira mpaka kachitatu. Muzu utatuluka udali wautali kuposa mkono wanga, ndipo udalunjika pansi, m'kati mwa manda. Ndidachita mantha, sindibisa. Dzenjelo ndidalikwirira ndi manja osayang'anamo.

Mtengowo ndabwera nawo kupolisi kuno, ndi uwu uli patebulopa. Pakhomo patsala isanu, mukhoza kukawerenga. Wapolisi wovulalayo ndikam'pepesa ndekha kuchipatala. Mwana wanga mum'tulutse akakwere ndege yake. Otsala pakhomopo ndi Lenford ndi ine, ndipo akafunsa za mtengo wake ndiyankha ndine.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo andiwerengera ndavomera.

Wosaina: Icilda Pinnock