Khofi wa Bwana Chimphuno ndi mtondo wanga

Kale, tiyi uyu asanaphimbe m'munsi monse mwa phiri, azungu oyamba ankalimbana ndi khofi, ndipo ndi masiku amenewo pamene ine ndi agogo anu aamuna tinaoloka Ruo, madzi akulekeza m'chiuno, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Inu musaleke kusenda nandoloyo, kumva sikufuna manja. Tinafika kuno opanda ndi nkhuku yomwe, koma mwayi unatigwera, agogo anu anapeza ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wosakwatira amene tinkamutcha Bwana Chimphuno, ndipo chifukwa cha ntchitoyo anatipatsa kanyumba ndi kamunda pamalo pake. Mumvetse bwino apa, nyumbayo inali ya ntchito. Ntchito ikatha unkangopinda mphasa, ndipo ife kolowera kwake kunali kumodzi, tsidya lomwe lija tinathawako. Apo n'kuti ndili ndi pakati pa bambo anuwa, miyezi itapita ndithu.

Ndiye agogo anu anawalowa matekenya, phazi n'kutupa ngati dzungu, osatha ngakhale kuponda pansi. Kapitawo wa pamalopo, Che Saidi, Myao wamtima wabwino koma wa pakamwa poyabwa, anati mzungu wavomera kuti ndiwagwirizire kwa masiku ochepa, pakuti zophika zake zinali zosavuta, mazira, mbatata, nkhuku. Chimene sankaseweretsa chinali khofi wa m'mawa. Agogo anu ali gone pamphasa anayamba kundilongosolera kagayidwe kake, koma ine ndinawadula pakamwa. Ndinati mwamuna sangandiphunzitse kusinja ine. Musaseke, iwe Esnati, mtima umenewu ndi womwe uli nawo iwe. Ufa wanga unali wodziwika, akazi ankabwera kudzaugwira pachikwati, osati lero mumangotula thumba pachigayo ku Chitakale, injini n'kumakusinjirani inu mukudya miseche.

Kukhitchini ndinapeza khofi wokazinga kale m'chitini, ndi timphero tiwiri ta chizungu, inu mungati tizigayo tamanja. Kena kanali kabokosi ka thabwa losalala, pamwamba mkuwa waliwali, kokhala ndi kosolola kolandirira ufa. Kena kanali chitsulo chakuda chonyansa, chomangirira kuthebulo. Mukanasankha kati inu? Eya, inenso ndinatenga kokongolako. Ndinathira khofi, n'kupukusa mkono wake, ukugwedera uku ndi uku, ndipo nditasolola ndinapeza zosakanikirana, kwina fumbi, kwina zibenthu ngati mphale. Chikomekome cha mkuyu, mano ake anali atatha kalekale, mzungu ankangokasunga poti kanali ka amake. Ndinayesa chitsulo chija, chinatulutsa zofanana bwino, koma zokhakhala ngati misere.

Ndinachita manyazi m'malo mwa amuna anga. Kwathu kupatsa munthu wamkulu ufa wokhakhala n'chipongwe, ndipo ndinati mumtima, kani bamboyu amamwetsa bwana misere chaka chonsechi, lero aone ntchito ya mkazi. Ndinathamangira kunyumba ndi khofi yense ndinagaya uja, n'kumuthira mumtondo wanga, womwe dzulo lake ndinasinjiramo nsinjiro ndi tsabola, ndipo ndinatibula, kusefa, kutibulanso, mpaka anachita noninoni. Ndinamuthira m'kathumba kansalu kosefera, madzi otentha pamwamba, koma madzi anakana kutsika, ndiye ndinafinya ndi manja. Ndinapereka kapu ndikumwetulira, n'kubisala kuseri kwa chitseko kuti ndimve akunditama.

Ndinamva kutsokomola, kenako kulavula, kenako mawu amodzi okha a Chinyanja chake chothyokathyoka: "Matope!"

Dzuwa lisanafike pamutu Che Saidi anabwera, kuseka atasekeratu panjira, koma uthenga wake sunali woseketsa. Anati bwana wanena kuti mawa zikakhalanso choncho aitanitsa khukhi wina ku Boma, ndipo kanyumba kathu kadzakhala ka iyeyo. Ana inu, ndinaopa. Mwana m'mimba ankagunda, ndipo m'maso mwanga munangobwera madzi a Ruo ndi zingwe zimene Apwitikizi ankamangira amuna m'khosi. Ndinali nditagulitsa banja langa chifukwa chofuna kutamidwa.

Safunsa anadya phula, ine ndinali nditadya kale, chotsala chinali kufunsako. Mzungu atapita kumunda ndinamasula chitsulo chija pathebulo, n'kuchiika mudengu pamodzi ndi khofi pang'ono, masamba a chinangwa pamwamba, ulendo kunyumba. Ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kuulula zonse, za mtondo ndi tsabola yemwe. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma agogo anu anangotseka maso, mapewa akugwedezeka, kuseka kwa munthu wodwala.

"Bwera nacho kuno," anatero. "Iwe umasinjira pakamwa, ichi chimagayira madzi."

Anandionetsa kachitsulo kopotokola kumbuyo kwake, ukakhwimitsa ufa umasalala, ukamasula umakhakhala, ndipo anati madzi otentha amafuna njira yodutsa, ufa ukasalala kwambiri amaima n'kukoka kuwawa konse. Anati chigayo chabwino suyang'ana bokosi, umayang'ana mano, n'kugwedeza mkono kuti uone ngati sukugwedera. Ugaye wongokwana kumwa nthawi yomweyo, pakuti fungo limathawa, ndipo usachitsuke ndi madzi, chingachite dzimbiri, uzingopukuta ndi kansalu kouma. Kenako anapukusa pang'ono, natapa ufawo, nauika m'dzanja langa, n'kugwira zala zanga ndi zawo zotentha ndi malungo, kuzipekesa pamodzi. Anati ndisaiwale, ukhale ngati mchenga wa mumtsinje. Chikwatiraneni anali asanandigwirepo dzanja masana, ndipo ndinalira.

M'mawa mwake ndinapukusa mwapang'onopang'ono, mosathamanga, mtima ukunditsutsa pa kuzungulira kulikonse kuti misere iyi, misere iyi. Manja ankayabwa kufuna munsi, koma ndinawaletsa. Madzi anatsika okha m'kansalu muja, akuda bii koma opanda matope, fungo n'kudzaza khitchini yonse. Ndinapereka kapu, n'kubwerera kuseri kwa chitseko chomwe chija, tsopano osamwetulira. Ndinamva supuni, kenako mpando. Kenako kabelu kanalira, ndipo nditalowa mzungu sanandiyang'ane n'komwe, anangokankha kapu yopanda kanthu kuti ndithiremo wina.

Zotsala mumphika ndinalawa, kuti ndidziwe chimene tinkafera. Ndinalavula! Kuwawa ngati ndulu, ndipo mpaka lero sindimvetsa chimene amamvamo anthu aja. Koma sanali wanga woti ndimukonde, anali wa mwini wake. Che Saidi anabwera masana kudzanena kuti khukhi agone mpaka phazi lipole, mkazi wake azigwira, ndipo anawonjeza zake zoti ndisadzamuphikire iyeyo tiyi.

Khofi uja anadzafa yekha m'minda, azungu n'kudzala tiyi, ife n'kudzapeza malo athuathu kuno ku Thuchila. Ndiye inu amene mukupita kukagwira ntchito za eni, ena ku esiteti, ena ku Blantyre, luso lanu mupite nalo, ndi chuma, koma mukafika muyambe mwafunsa kuti pano zimakhala bwanji, ndipo wokuuzaniyo musamudule pakamwa ngakhale ndi munthu amene mumadya naye mbale imodzi. Ine ndinafunsa mochedwa, koma ndinafunsa. Mvula itayamba chaka chimenecho bambo anu anabadwira m'kanyumba kaja, tsidya lino la Ruo, ndipo palibe anawamangapo chingwe m'khosi.