Ndinabweza Mkazi Wanga Pamzere wa Kalembera

"Ana anayi ndakuberekerani kuno, lero mukuti ndine mlendo?" Anakuwa choncho ndi mkazi wanga, mzere wonse ukumva.

Nditakhala pa ulova zaka ziwiri, ndinapeza ganyu wolemba anthu m'kaundula wa voti pasukulu ina kwa Mlonyeni, kuno ku Mchinji. Lamulo linali loti wopanda chiphaso cha unzika asalembedwe. Mkazi wangayo kwawo ndi ku Zambia, kungodumpha malire, ndipo chiphasocho alibe. Anabwera ndi anzake akutchalitchi, ati poti wolemba ndi mwamuna wake, zitheka.

Ine mtima wanga ndi wapachala. M'malo momutengera pambali, ndinamenya tebulo n'kunena kuti, "Mayi, kavoteni kwanu!" Anthu anaseka, ndipo m'pamene anakuwa mawu aja.

Madzulo ndinapeza m'nyumba zovala zake mulibe, mwana wamng'ono wamutenganso. Foni sankayankha. Kukana kokha ndinayenera kukana, koma kumuyalutsa chonchija anandituma ndani?

M'mawa mwake nditapempha kuti ndimutsatire, oyang'anira kalembera anandichenjeza kuti ndikachoka pamalo olemberapo, ntchito yatha. Ndinawapatsa yunifolomu yawo, n'kupalasa njinga kulunjika kwa apongozi ku Zambia, ndisakudziwa kuti ndikayamba ndi mawu ati.