Neti ya ku Lawrence

Pamzere wa katemera wa apaulendo pachipatala china ku Downtown Indianapolis, bambo wina waimvi anamva mtsikana wakutsogolo kwake akuyankha foni m'Chichewa. Mtsikanayo atadula foni, bamboyo anamuyankhula.

"Achemwali, ine ndinakulira ku Nchalo, udzudzu umandidziwa ndi dzina lomwe. Jakisoni wa yelofivayu ndi wachiyaninso?"

"Mukapanda kubayitsa akhoza kukakubwezani pa eyapoti, bambo. Matendawa amabwera ndi udzudzu. Anatulukira zimenezi ndi Dokotala Finlay wa ku Cuba, tinaphunzira kusukulu ya unamwino."

"Iyeyo anadziwa bwanji, anachita kuufunsa?"

"Ankauweta m'timabotolo."

"Munthu wamkulu kuweta udzudzu? Anzake anangomuyang'ana?"

"Anamuseka zaka twente. Kenako anavomera kuti ankanena zoona."

"Ndiye ndi mnzanga ameneyo. Ine chino ndi chaka cha thwelofu ana anga akundiseka poti ndimagona m'neti ku Lawrence konkuno."

"Ndi mu Januwale momwe, kunja kukuzizira mpaka kugwa sinowo?"

"Tsiku lililonse."

"Koma nthawi imeneyo udzudzu kulibe, bambo."

"Ndi zimene amanena anawo. Koma wandilumapo? Olo umodzi. Sekani, achemwali. Kwangotsala zaka eyiti, mudzavomera nonse."